Samu ya Ruvimbo ndi Mikoko Iwiri ya Nthochi

Amayi,

Kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Mandeya tilipo. Papita zaka ziwiri ndi miyezi itatu chikugonekereni m'manda, ndipo ndili ndi funso limene ndinu nokha mungaliyankhe. Koma ndiyambe ndi za pakhomo, chifukwa munkadana ndi munthu wofika ndi mlandu asanakhale n'komwe pansi.

Pakati pamene munandisiya napo panatipatsa mwana wamwamuna. Tinamutcha Lonjezo. Pano akuthamanga, ndipo chilichonse chimene wagwira chimathera m'kamwa. Nthochi zimene munabzala kumunsi kwa munda zabereka mpaka tikuzichirikiza ndi mphanda kuti zisagwe. Chimanga chokha n'chimene chinatikhumudwitsa. Mbozi zinalowa tisanazindikire, ndipo chimene takolola sichitifikitsa ku dzinja. Mchimwene wanga Yohane akadali ku esiteti ya ku Chipinge. Anamuchotsa kumunda wa tiyi, tsopano ali m'fakitale, akuti msana wasiya kumupweteka. Amaimba foni mwa apo ndi apo, makamaka akakhala ndi chodandaula.

Nkhani yanga ikuyambira pa mdzukulu wanu Ruvimbo. Ali Giredi 4 chaka chino, watalika, madiresi onse amene munamusokera anamuthina kalekale. Masamu a manambala okhaokha amakhoza onse. Mukamupatsa kuphatikiza, kuchotsera, ngakhale kuchulukitsa, amamaliza musanatembenuke. Koma manambala omwewo akangowaika m'kankhani, mwana amasochera. Teremu yatha anabwera ndi kope lodzaza mitanda yofiira, akulira kuti iye ndi mbuli. Vuto lina ndi lakuti samu imabwera m'Chingerezi, iye amaganiza m'Chishona, ine ndimakalipa m'Chinyanja. Pofika pa yankho tonse timakhala titatopa.

Ndinayamba kukhala naye pakhonde dzuwa likapendeka, ndikabwera kumunda. Tsiku loyamba ndinangomuyang'ana mmene amachitira. Samu inali ya mlimi amene ali ndi mabokosi anayi, m'bokosi lililonse muli mapeyala asanu ndi limodzi, ndipo wagulitsapo asanu ndi anayi. Funso linali lakuti atsala angati. Ruvimbo sanawerenge n'komwe nkhaniyo. Maso ake anangodumpha mawu onse, n'kutola 4, 6 ndi 9, n'kuziphatikiza, n'kulemba 19. Nditamufunsa chimene waphatikizira, anati manambala akakhala atatu nthawi zambiri amafuna kuphatikiza. Ndinazindikira kuti mwanayu sanali kuganiza, anali kulosera.

Apa m'pamene ndinakukumbukirani mutaima pamzere wa sikelo, dengu la tiyi lili kumsana. Simunkadziwa kulemba dzina lanu, koma kalaliki sankayerekeza kukudulani ngakhale theka la kilo. Munkati nkhani iliyonse ili ndi wopereka, wolandira ndi chotsala, ndipo ukasowa chimodzi mwa zitatuzi udziwe kuti wina akukubera. Ndinamuuza Ruvimbo kuti atseke kope, andifotokozere samuyo ngati miseche imene wamva kumjigo, m'chilankhulo chilichonse chimene chabwera pakamwa. Kenako ndinatulutsa mbale zinayi ndi nyemba za mbewu. Mbale ndiwo mabokosi, nyemba ndiwo mapeyala. Anaika zisanu ndi imodzi m'mbale iliyonse, anawerenga zonse, anachotsapo zisanu ndi zinayi zopita kwa wogula. Zitatsala khumi ndi zisanu anandiyang'ana ngati ndachita matsenga. Kuyambira pamenepo lamulo lathu linakhala lakuti pensulo siigwiridwa mpaka atandiuza wopereka, wolandira ndi chimene funso likufuna. Patatha milungu itatu mitanda yofiira inayamba kuchepa.

Teremu ino kunabwera mphunzitsi watsopano, mayi wa ku Chipinge. Iye anawauza ana kuti njira yabwino yomvetsera masamu a nkhani ndi kupeka awoawo, kuchokera pa zimene amaona kunyumba. Ine ndinakayikira pomwepo. Mphunzitsi akufuniranji kudziwa kuti pakhomo pathu pali nkhuku zingati? Mukudziwa mmene ife ana a anthu obwera tilili. Ngakhale tinabadwira kuno, munthu akayamba kutiwerengera zinthu timaganiza za mafomu ndi zitupa. Ndinamuuza Ruvimbo kuti samu iliyonse azindionetsa asanapite nayo kusukulu. Yoyamba inali ya nkhuku zathu ndi kabawi amene anatilanda anapiye awiri. Yachiwiri inali ya mano a Lonjezo. Ndinaseka, mtima n'kukhala pansi, ndipo ndinasiya kulondalonda. Yachitatu ndinaiona itabwera kale kuchokera kusukulu, mphunzitsi atachonga.

Ndikulembereni m'chilankhulo chathu mmene inalili: "Bambo anga amapita ku Ruda ndi mikoko 8 ya nthochi Loweruka lililonse. Amagulitsa mikoko 6 kwa anthu a malole. Kodi amasiya mikoko ingati kunyumba ya chitseko chobiriwira?"

Amayi, Chingerezi changa n'cha Fomu 2, koma apa panalibe liwu londivuta. Ndinawerenga katatu. Mkamwini wanu, bambo a Ruvimbo, nthawi zonse ankandiuza kuti mikoko yonse yagulitsidwa, kungoti anthu a malole ndi ouma manja. Za nyumba ya chitseko chobiriwira ndinali ndisanamvepo.

Sindinafune kuti mwana aone nkhope yanga, choncho ndinachita monga mwa masiku onse. Ndinamuuza kuti atenge nyemba. Anayala zisanu ndi zitatu pa mphasa, n'kukankhira zisanu ndi imodzi kumbali ya malole. Zinatsala ziwiri. Ndinamufunsa, monga ndimamufunsira pa samu iliyonse, kuti wolandira ziwirizi ndani. Anati sakuwadziwa mayina. Masiku amene amaperekeza bambo ake, amamugulira firiziti woti aziyamwa n'kumusiya pachigayo kuti adikire, iwo n'kunyamula mikoko iwiri kupita kunyumba ya kuseri. Anati kamodzi anaona anti wina wamtali ataima pakhomo, ali ndi khanda m'manja. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndimaganiza kuti mukudziwa, amayi."

Chimene ndinachita pambuyo pake chimandichititsa manyazi. Ndinamupekera samu ina, ngati kuti tikupitiriza phunziro. Ndinati ngati bambo amasiya mikoko iwiri pa mlungu, kuti tipeze yonse pamodzi tiyenera kudziwa kuti anayamba liti. Mwana wosalakwa anaganiza n'kuyankha kuti anayamba kuona zimenezi ali Giredi 2, maliro a agogo atangotha. Ndinagwiritsa ntchito homuweki ya mwana ngati wapolisi, Amayi, ndipo iye anakondwa kuti wandithandiza.

Mlungu wonse sindinafunse kanthu. Ndinkawayang'ana bambo a Ruvimbo akamadya, akamanola chikwanje, akamaseweretsa Lonjezo. Zonse zimene kale zinali zachizolowezi zinayamba kuoneka zachilendo. Bwanji amameta ndevu Lachisanu? Bwanji mikoko ikuluikulu amaiika payokha? Foni yawo ikalira n'kutuluka nayo panja, ndinkasiya chimene ndikuchita n'kutchera khutu, ngakhale ndikudziwa kuti m'nyumba mwathu netiweki siigwira chimangireni nyumbayi. Ndinanunkhiza malaya awo ndisanachape. Ankanunkha utomoni wa nthochi ndi thukuta basi, koma ngakhale zimenezo zinandikwiyitsa, ngati kuti malayawo agwirizana nawo. Ndinkamva mawu anu aja onena za bambo anga, akuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinkadzifunsa kuti kodi matenda amenewa amatsata ana aakazi a m'banja limodzi.

Loweruka litafika ndinawathandiza kukweza mikoko pamsewu. Atanyamuka ndinasiya Ruvimbo kwa aneba, ndinabereka Lonjezo, n'kukwera kombi yotsatira. Ku Ruda ndinaima kuseri kwa amayi ogulitsa tomato, ndikuona zonse. Anagulitsa isanu ndi umodzi, monga samu inanenera. Iwiri yotsalayo anabwereka wilibala n'kukankha kudutsa pachigayo. Ndinatsatira chapatali. Nyumbayo ndi yaing'ono, ya zipinda ziwiri, chitseko chake chobiriwiradi. Chimene chinandilasa mtima n'chakuti analowa osaodira. Anakhalamo nthawi yokwanira kumwa kapu ya tiyi, n'kutuluka akupukuta pakamwa.

Ndinadikira mpaka atakhota pachigayo, ndipo ndinapita kukaodira. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'kombi muja, ena oti simukanakondwa kuwamva. Koma amene anayankha anali mawu a munthu wokalamba. M'katimo ndinapeza mayi wachikulire atakhala pa mphasa, maso ake atachita mtambo woyera. Anapendeketsa mutu, n'kulankhula m'Chinyanja chopotoka cha munthu amene anachiphunzira kwa mwamuna: "Ndinu mwana wa NaBanda. Mukuodira ngati mayi anu."

Amayi, anali mkazi wina uja wa bambo anga, wa ku Chipinge. Uja amene dzina lake silinkatchulidwa m'nyumba mwathu. Ndinali wamng'ono pamene bambo anatisiya mukomboni n'kupita kukagwira ntchito ku esiteti ya kumeneko, n'kukhalako zaka zisanu ndi chimodzi, kenako n'kubwerako akudwala kudzafera m'manja mwanu. Ndinkangodziwa kuti kunali mkazi. Tsopano ndikudziwa kuti ndi mayi Sithole, kuti maso atayamba kufa anawachotsa m'nyumba ya esiteti, ndipo anasamukira ku Ruda ndi mwana wawo wamkazi amene amasoka zovala. Mwanayo analowa tili mkati molankhula, khanda lili kumsana. Dzina lake ndi Tsitsi. Sindinafunikire kuuzidwa kuti bambo ake ndani. Mphumi ndi ya bambo, mpata wa mano ndi womwe uli ndi Yohane. Ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndi wokongola, ndisaname.

Mayi Sithole anandiuza kuti munabwerako kanayi m'chaka chanu chomaliza. Anandilozera mpando umene munkakhalapo. Akuti ulendo woyamba munaika phava la nthochi ndi mchere pansi, n'kunena kuti, "Sindinabwere kudzakhululuka. Ndabwera kudzaona ngati mukudya." Nditamva mawu amenewa ndinadziwa kuti ndi anu, chifukwa palibe munthu wina amene akanawapeka. Ndipo ndinakumbukira mmene chaka chimenecho munkakakamirira kukagayitsa ku Ruda, chonsecho chigayo chili pafupi kuno, n'kumati cha kuno chimapsereza ufa. Tinkaseka kuti ndi ukalamba. Munatinamiza bwino, Amayi.

Koma maso anga sankachoka pa khanda lija. Ndinafunsa miyezi yake, Tsitsi anati khumi ndi umodzi. Ndinafunsa za bambo ake, anayankha msangamsanga kuti ali ku Joni. Mayi Sithole anangopitiriza kusisita bondo. Ndinayang'ana makutu a mwanayo, zala zake, mmene amakwinyira nkhope. Nthawi ina ndinkaona Lonjezo, nthawi ina sindinkaona aliyense. Ndipo ngakhale atafanana ndi Lonjezo, si magazi a bambo anga ali mwa onse awiri? M'kombi pobwerera ndinachita samu yanga pa zala. Miyezi khumi ndi umodzi kuphatikiza isanu ndi inayi ikukwana makumi awiri. Chiyambireni maulendo a nthochi papita makumi awiri ndi isanu ndi iwiri. Samu imeneyi inangondiuza kuti n'zotheka. Siinandiuze kuti zinachitika.

Lolemba ndinawatsatira bambo a Ruvimbo kumunda, kumene ankasadza masamba ouma a nthochi, kutali ndi makutu a ana. Ndinawauza kuti ndakafika kunyumba ija. Sanadzidzimuke kwambiri, ndipo sindikudziwa ngati chimenecho n'chabwino kapena choipa. Anati muli m'chipatala, tsiku limene ndinatuluka kukachapa nsalu zanu, munawaitana pafupi n'kuwauza kuti m'munda umene munabzala muzichoka mikoko iwiri mlungu uliwonse kupita kwa mayi wosaona wa ku Ruda. Akuti munawalumbiritsa kuti asandiuze. Nditafunsa chifukwa chake munauza mkamwini n'kusiya mwana wobereka nokha, anati munanena kuti ine ndinatengera mtima wanu, ndipo mtima umenewo unakutengerani zaka makumi awiri kuti ufike pakhomo lija.

Ndinafunsa chifukwa cholowera osaodira. Anati gogoyo amavutika kudzuka, amayesa kuthamangira kuchitseko n'kugunda zinthu. Ndinafunsa chifukwa chosiyira Ruvimbo pachigayo. Anati mwana ndi pakamwa, ndipo taonani mmene zathera. Yankho lililonse linali lokwana bwino, ndipo kukwana kwakeko n'kumene kunkandiopsa. Pomaliza ndinafunsa za khanda. Anaika chikwanje pansi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi a Ruvimbo, mukundifunsa ngati ndinagona ndi mlamu wanga?"

"Ndikufunsa zimenezo."

"Ayi."

Anatola chikwanje n'kupitiriza ntchito. Liwu limodzi lokha. Ndakhala ndikulitembenuza m'mutu milungu itatu tsopano. Munthu wosalakwa amene wapwetekedwa mtima akhoza kuyankha choncho. Wolakwa amene akudziwa kuti mawu ambiri amagwiritsa munthu akhozanso kuyankha choncho. Kuyambira tsiku limenelo amadya, amagwira ntchito, amandipatsa ulemu, koma kuseka kunachoka m'nyumba muno. Ngati ndawanamizira, ndawalakwira kwambiri munthu amene wasunga lumbiro la apongozi ake zaka ziwiri. Ngati sindinawanamizire, ndiye kuti akubisala kuseri kwa munthu wakufa, podziwa kuti simungadzuke kudzatsutsa.

N'chifukwa chake ndikufunsa inu. Kuti munkapita ku Ruda ndakhulupirira. Koma kodi munawatumadi? Kapena anangodziwa za maulendo anu, n'kuona khomo lotseguka? Tsiku lija nditabwera kochapa ndinawapeza atakhala pafupi ndi bedi lanu, inu mutatembenukira kukhoma. Ndimayesa kukumbukira nkhope zanu nonse awiri, koma nthawi iliyonse ndimaikumbukira mosiyana, malinga ndi mmene ndadzukira.

Amene wavulala kwambiri ndi Ruvimbo. Anandiuza kuti mphunzitsi anaikonda samu ija mpaka anailemba pabolodi kuti kalasi yonse ipeze yankho. Ndiye kuti ana makumi angapo anapita kwawo akudziwa za chitseko chobiriwira. Tsopano mayi aliyense akandipatsa moni wautali kumjigo ndimaganiza kuti akundimvera chisoni. Mwanayo anaona kuti m'nyumba mwazizira, ndipo anadziwa kuti zayambira m'kope lake. Samu yotsatira analemba za munthu wina wa kudziko lina amene ali ndi mabaluni, ndipo anailakwa, chifukwa anabwerera ku khalidwe lake lakale longotola manambala. Nditamuitana pakhonde anakana kukhala pansi. Anafunsa ngati bambo ake achoka chifukwa cha iye. Ndinamuuza kuti samu yake inali yoona, funso lake linali lomveka, ndipo zimene akuluakulu amachita ndi mayankho si mlandu wa mwana. Ndinamuuzanso kuti anthu a m'nyumba ija ndi abale athu, kuti anti wamtali uja ndi mng'ono wanga. Kanali koyamba kutulutsa mawu amenewa pakamwa. Tinayambiranso pang'onopang'ono. Dzulo wakhoza zinayi mwa zisanu, kuphatikizapo ya kugawa imene inkamuvuta.

Ndinawauza bambo a Ruvimbo kuti kuyambira tsopano mikoko iwiriyo ndizikapereka ndekha. Anangoti chabwino, osakweza maso. Ndinayesa kuona ngati akhumudwa kapena apepukidwa, koma sindinathe kuwerenga. Ndapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinasiya nthochi pakhomo n'kubwerera. Wachiwiri mayi Sithole anapempha kuti amugwire Lonjezo, ndipo anamupapasa nkhope ndi zala mpaka mwana anaseka. Tsitsi anandipatsa tiyi n'kunditchula kuti sisi. Sindinayankhe, koma tiyiyo ndinamwa. Ndimamuyang'anitsitsa akamatchula alamu ake, iyenso amandiyang'anitsitsa, ndipo mwina naye akudzifunsa chimene ndabwerera. Yohane sindinamuuzebe kuti ali ndi mlongo wina. Ndikudikira abwere pa holide, chifukwa nkhani yotere siyenda bwino pa foni.

Sindikudziwa ngati ndimapita ku Ruda chifukwa cha chifundo kapena chifukwa cha ulonda. Mwina inunso ulendo woyamba simunkadziwa. Ndakwiya nanu, Amayi, chifukwa munandiyesa wosakhoza kusenza zimene inu munasenza, koma ndikakwiya ndimakusowani kwambiri. Ndikulonjezani ichi: kaya munawatuma kaya simunawatume, mayi uja sadzagona ndi njala nthochi zanu zikubereka, ndipo sindidzaswa banja langa pa chinthu chimene sindinachione ndi maso. Koma maso sinditseka. Mvula isanayambe tidzabwera ndi ana kudzalambula pamanda panu, ndipo ngati Tsitsi adzapemphe kubwera nawo, ndidzamulola ayende kumbuyo kwanga.

Gonani bwino, Amayi. Ndine mwana wanu wokukondani,

Feliya